Ulendo wosaka malangizo a mwana wanga

Lolemba, pa Nkhoma

Ndafika bwino. Netiweki kuno njovuta nde ndikulemba nditakhala pakhonde pomwe foni ikugwirako pang'ono, ndipo kwayamba kale kuzizira dzuwa lisanalowe nkomwe. Ndinanyamuka ku Lilongwe m'mawa, minibasi kudikira kudzaza monga mudziwa, kutsika pa Kamphata kenako kukwera ina yolowera kuno. Phiri la Nkhoma umayamba kuliona uli kutali koma ukafika chomwe chimakukopa maso ndi nyumba za njerwa za amishoni zija, zina zakalamba zedi koma zikugwirabe ntchito.

Anzanga akuntchito akuti mayi iwe tchuthi osapita kunyanja bwanji, ukukatani ku mishoni. Nkhani yake ndi iyi. Mwana wanga wamkazi woyamba wakula mwezi wathawu. Ndinauza amayi aang'ono pa foni poti amayi anga anatisiya kale, nde sabata isanathe nkhani inali itafika kwa amalume kumudzi, inali itafikanso kwa amayi a Chigwirizano akutchalitchi kwathu, kaya inadutsira kuti. A Chigwirizano akuti mwana alowe chilangizo. Kumudzi akuti mwanayo ndi wa mbumba yathu, abwere adzavinidwe monga anavinidwira agogo ake. Bambo akunyumba paja ndi a ku Rumphi, anangoti zimenezo ndi za kwanu ukaganiza undiuze, nkumapitiriza kuonera mpira.

Ineyo sindinavinidwe, ndinalangizidwa kutchalitchi. Koma ndinakulira m'nyumba yomwe agogo aakazi anali a Chigwirizano, ovala bulauzi yoyera, pomwe agogo aamuna anali a gule enieni, ng'oma zikalira usiku umangoona pamphasa pawo palibe munthu. Anakhala limodzi mpaka imfa anthu amenewa, kudya m'mbale imodzi, koma maliro awo anali osiyana kwambiri moti mpaka lero ndimadzifunsa kuti kumene aliko akuonana kapena ayi. Nde pomwe aliyense akundikoka mkono wake ndati ndiyambe ndayenda ndikaone ndekha komwe zonsezi zinayambira, ndisanayankhe munthu.

Ndayambira kuno chifukwa likulu la mpingo wanga lili kuno. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba ku Mvera mu 1889, kuno anafika mu 1896, nthawi yomwe anthu a mfumu Mazengera ankakhala m'phirimu pothawa nkhondo za Angoni. Madzulo ano ndinalowa m'tchalitchi muja mulibe munthu, ndinakhala pabenchi lakumbuyo kupemphera pang'ono, koma zoona zake maganizo anali pa mwana, ngati wadya kapena ali pa foni basi.

Lachiwiri, Nkhoma kenako Dedza

Mnzanga wina namwino anandilumikiza ndi amayi ena achikulire omwe akhala alangizi zaka zambiri. Anandilandira ndi tiyi ndi mbatata yophika, ndinagwada kupereka moni iwo nkuti khalani pampando mwanawe mawondo amenewo muwasunge. Nditafotokoza vuto langa anaseka kaye, akuti ukuyesa ndiwe woyamba.

Zomwe anandiuza sindinkazimva chonchi ndili mtsikana. Akuti amishoni atangoletsa chinamwali, ana a akhristu ankathawabe usiku kupita kutsimba, ngakhale ana a akulu a mpingo, chifukwa mtsikana wosavinidwa ankasekedwa kuti ndi mwana ngakhale atabereka. Mpingo utaona kuti kuletsa kokha sikukuthandiza mpomwe unakhazikitsa chilangizo, azimayi achizungu a pa mishoni ndi azimayi achichewa achikhristu kukhala pansi kusankha zoti zitsale ndi zoti zichoke. Ulemu kwa akulu, ukhondo ukakhala kumwezi, kasungidwe ka banja, izo zinatsala. Ng'oma, mowa, zilombo, nyimbo zina zotukwana zija, zinachoka. Nde anandiyang'ana nkuti, ife alangizi ndife anamkungwi omwe aja mwanawe, kungoti tinanyamula Baibulo.

Ndinawafunsa za mchere, paja ife tinauzidwa ku chilangizo komweko kuti ukakhala kumwezi usathire mchere m'ndiwo ungadule anthu. Anagwedeza mutu akuti zimenezo m'buku la chilangizo mulibe koma alangizi ena amangowonjezera okha poti nawonso anauzidwa choncho ndi amayi awo. Ine apa mpomwe ndinakhala chete, chifukwa kwa zaka zonsezi mdulo ndinkauyesa chiphunzitso cha mpingo ndithu.

Ndisanachoke ndinazungulira pang'ono, chipatala chija chotchuka ndi za maso, sukulu ya William Murray. Murray ameneyu ndi yemwe anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lomwe linatuluka mu 1922, Buku Lopatulika, lomwe agogo aakazi ankawerenga molozera ndi chala. Chichewa cha m'menemo ndi cha anthu a kumudzi omwe ankathandiza kumasulira, ndipo ndimaganiza kuti ena mwa iwo anali atameta kudambwe ali anyamata asanabatizidwe. Ndafika ku Dedza usiku, kuzizira kwake kosaseka nako, ndagula chipisi chapachiwaya ndagona ndi juzi.

Lachitatu, Chongoni

Lero miyendo yandiuza zoona. Ndinapeza wa kabaza wanjinga yamoto, mnyamata wolongolola bwino, ananditengera njira yodutsa ku koleji ya zankhalango mpakana ku Chentcherere. Msewu fumbi lokhalokha, chitenje changa chasanduka chofiira. Kenako kukwera wapansi mpaka paphanga.

Achimalawi ambiri sitidziwa kuti malo amenewa a UNESCO anawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo mapanga ndi miyala yojambulidwa yonse pamodzi ilipo 127 m'mapiri ozungulira kuno. Ine ndakhala ndikudutsa pa M1 kupita ku Blantyre kuyang'ana mapiri omwewa pawindo osadziwa kanthu. Zojambula zake zili mitundu iwiri. Zofiira, mizeremizere ndi timadontho ndi zozungulira, ndi za Akafula aja amene makolo athu anawapeza kuno, anthu afupiafupi osaka nyama. Zoyera ndi zathu Achewa, zojambulidwa ndi dothi loyera ndi chala, zina za gule zina za chinamwali.

Za chinamwalizo ndi zomwe ndinabwerera. Ndi zinthu zotambasula miyendo ndi manja ngati ukuyang'ana buluzi kapena ng'ona uli pamwamba, zina zili ndi madontho thupi lonse. Bambo woyang'anira malowa anafotokoza kuti anamkungwi ankabwera ndi anamwali kumapanga kuno kutali ndi amuna, nkumagwiritsa ntchito zithunzizi pophunzitsa mwambo, chithunzi chilichonse ndi nyimbo yake ndi tanthauzo lake. Ndiye kuti apa panali sukulu, bolodi lake ndi mwalawu, aphunzitsi ake azimayi osadziwa kulemba dzina lawo. Ndinaimirira nthawi yaitali. Ndine mphunzitsi ine, choko ndimachidziwa, ndipo chinandipweteka nchakuti ndinaima kutsogolo kwa phunziro lolembedwa ndi azigogo anga koma osatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Mzungu wofufuza atabwera angathe kunena zambiri kuposa ine Nabanda.

China chinandikwiyitsa, anthu alembalemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zithunzizo, ena mpaka mayina a zibwenzi. Mxii. Chinthu chakhala zaka mazanamazana mvula osachifufuta nde iwe ubwere ndi khala lako.

Pobwerera wa kabaza uja anandifunsa kuti amayi ndinu opemphera koma mukufuna za kumapanga, sizitsutsana? Ndinamuuza kuti ayendetse bwino njinga pali mchenga. Usiku ndaimbira mwana, ndamutumizira zithunzi za miyala ija pa WhatsApp, wayankha kuti zikuoneka ngati achule, kenako akuti mubwere ndi mbatatesi.

Lachinayi, ku Mua

Kutsika Khwekhwerere ndi galimoto yodzaza matumba a kabichi si masewera, msewu wokhotakhota uja kuchokera pa Masasa kukafika pa Golomoti, mayi amene ndinakhala naye pafupi anapemphera njira yonse mokweza ndipo palibe anamuletsa. Koma ukayang'ana kumunsi nyanja ikuoneka patali, mpweya nkumasintha, juzi ija ndinavula tisanafike pansi.

Mua ndi mishoni ya Akatolika, anayambitsa ndi ansembe a White Fathers mu 1902. Kwathu nkufupi ndi kuno koma chikhalire sindinalowepo, paja tinkauzidwa kuti za Aroma nzosiyana ndi zathu. Pano pali malo a Kungoni omwe anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, wansembe wochokera ku Canada amene anafika m'Malawi mu 1967 ndipo anthu anamupatsa mfunda woti Chisale. Anayamba ndi kuphunzitsa anthu kusema ziboliboli, kenako kunabwera nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare. Kunja kwake makoma onse ajambulapo mbiri, kuyambira pa Kaphirintiwa pomwe Achewa amati anthu oyamba anatsikira ndi mvula mapazi awo nkudinda pamwala, mpaka kufika kwa Angoni, Ayao ndi amishoni.

Mkati muli zipinda zitatu. Chipinda cha gule ndi chomwe chinandinjenjemeretsa. Nditafika pakhomo miyendo inakana, zoona, mayi wamkulu ngati ine, chifukwa kuyambira ndili mwana chilombo chikatuluka timathawira m'nyumba kutseka chitseko. Mnyamata wotiperekeza anati lowani amayi musaope, ndinalowa. Zilipo mazanamazana, Chadzunda, Maliya, Simoni wofiira uja wonyoza azungu opsa ndi dzuwa, Kasiyamaliro mayi wa zonse. Zambiri sindilemba pano, ndine mkazi wachichewa ndipo ana a amalume amawerenga zomwe ndimalemba. Koma ndinene ichi, chilombo chilichonse chili ndi mwambo womwe chimaphunzitsa, china chikudzudzula mwamuna woyendayenda, china waulesi, china mfumu yadyera, china mkamwini wamwano. Ine ndinkangodziwa zikwapu ndi kuthamangitsidwa, mbali iyi palibe anandiuzapo, agogo aamuna sakanatha kundiuza poti ndine mkazi komanso mwana wa kalasi.

Chodabwitsa nchakuti mishoni yomweyi kale inalimbana kwambiri ndi gule, m'zaka za m'ma 1920 inali nkhondo yeniyeni yolimbirana ana, ansembe akufuna ana kusukulu, akudambwe akufuna anyamata awo. Lero ndi ansembe omwewo akusunga zinthuzi mosamala. Ndipo kuyambira 2005 gule wamkulu a UNESCO anamuzindikira ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Sindikunena kuti Akatolika ndiwo akhoza ife talakwa ayi, kuika chinthu m'nyumba yoonetsera alendo nkosavuta kusiyana ndi kuyankha mwana wako. Koma ndinachita nsanje pang'ono kuona Yesu wosemedwa ndi nkhope yachichewa, amayi ake atavala chitenje, popanda wina kuchita nazo manyazi.

Gawo la chinamwali ndinakhalitsapo. Pali zifanizo zoonetsa namwali atawerama, phungu wake pambali, chingondo pamutu. Apa ndinaona nkhope ya mwana wanga ndipo mtima unagawanika, mbali ina ikuti nzokongola izi, mbali ina ikuti mwana wanga amene amafunsa mafunso mpaka aphunzitsi kutopa, akamuphunzitse kuyang'ana pansi?

Lachisanu, Mua ndi Mtakataka

Lero sindinayende kwambiri. M'mawa ndinakhala m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe kuonerera osema, bambo wina akusema Mgonero wa Ambuye pa thabwa limodzi, ophunzira onse khumi ndi awiri atakhala pamphasa. Ndagula kamtanda kakang'ono, ndalama yatsala yoyendera yokha.

Masana ndinapita pa Mtakataka kugula shuga, sopo ndi mchere zopita nazo kumudzi. Dera lino ndi la Kachindamoto, ndipo simungakambe za atsikana kuno osatchula malemu mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto. Mayi ameneyu anagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri ku koleji ya zaubusa ku Zomba asanaitanidwe kudzalowa ufumu, ndipo atafika anathetsa maukwati a ana mazanamazana nkubwezera anawo kusukulu, mafumu ena omwe ankalekerera anawaimitsa, analetsanso zoti namwali akatuluka akasase fumbi. Lamulo la dziko nalo linabwera, la 2015 loti ukwati ndi zaka 18, kenako mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko. Chomwe ndimachiganizira nchakuti amene anachita zimenezi anali mfumu, mwini mwambo, wokhala pampando wa makolo. Sanachite kuchoka m'mwambomo kuti akonze zoipa zake.

Usiku mwana anaimba yekha. Akuti amama ndamva kuti mukukambirana za ine ndi anthu onse, amayi aang'ono andiuza. Ndinati eya. Akuti nde ineyo mundifunsa liti? Ndinamufunsa pompo. Akuti chilangizo apita chifukwa anzake a kwaya akupita, koma akufunanso kukaona agogo akumudzi amuuze za zithunzi za achule zija, bola asamuvule malaya pagulu ndipo asamumete tsitsi lomwe walisunga chaka chonse. Kenako bandulo inatha.

Loweruka, kumudzi

Ndafika m'mawa ndi kabaza. Amayi aang'ono kulira, kuseka, kundinena kuti ndaonda, zonse nthawi imodzi. Nsima ya mgaiwa ndi chambo chouma ndi nkhwani wotendera, ndadya ngati sindidzadyanso.

Madzulo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume pampando wawo, ine ndi amayi aang'ono pamphasa, ndipo anaitanitsa agogo ena omwe ndi namkungwi wa m'mudzi muno, akalamba koma maso ali gwa. Amalume anayamba ndi mwambi monga mwa chizolowezi chawo kenako anati, Nabanda, amako tinawalekerera anakupititsa kutchalitchi, taona lero ukuchita kukwera galimoto kukafunsa mwambo wako kwa azungu ku Mua. Mawu amenewo analasa ndithu poti ndi oona. Ndinawomba m'manja nkuti amalume ndamva, koma ndiloleni ndifunse agogowa zomwe mwana akaphunzire.

Agogo aja sanabise. Akuti masiku ano chinamwali sichitenga nthawi ngati kale, amachita pa tchuthi kuti ana asajombe kusukulu, za fisi kuno zinatha ndipo wopezeka akuchita amakalipira kwa mfumu. Koma zina zomwe anatchula ine sindinagwirizane nazo, zophunzitsa mwana wa sitandade 7 kasangalatsidwe ka mwamuna, ndinati izo zidikire akadzapeza banja, panopa mwamuna wake ndi mayeso. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, akuti alangizi anu akutchalitchi aja amaphunzitsanso zomwezo usiku wa ukwati ndipo ena amabwera kwa ine kudzafunsa. Amayi aang'ono anayang'ana kumbali, paja iwonso ndi a Chigwirizano.

Ndinawaonetsa pa foni zithunzi za ku Chentcherere. Anaiyandikitsa foniyo kumaso, kukhala chete, kenako anayamba kuimba pansipansi nyimbo ina akuloza madontho aja ndi chala. Sanapiteko chibadwire kumapangako koma anazizindikira, akuti zofanana ndi zimenezi amaumba ndi dothi pansi kutsimba. Nditafunsa tanthauzo anati iwe ndiwe mwana, sunavinidwe, ndingakuuze bwanji pamaso pa amalume ako. Anthu onse kuseka, ine mayi wa ana atatu.

Tamangana chonchi. Mwana alowa chilangizo kutchalitchi mwezi uno. Tchuthi cha Disembala ndibwera naye kuno akhale masiku angapo ndi agogowa ndi amayi aang'ono m'nyumba, amulange za ulemu, za thupi lake, za mbumba yake ndi mbiri ya azigogo ake, popanda zilombo, popanda kubwalo, tsitsi lake osalikhudza, ndipo ine ndikhala pomwepo. Agogo akuti ukakhala pomwepo nde tikulangira limodzi, ndavomera. Amalume sanakondwe kwenikweni, akuti chimenecho si chinamwali ndi kucheza chabe, ndipo afumu akamva adzafunabe nkhuku yawo. Ndati nkhuku ndigula. Anakhala kaye chete kenako anayamba kukamba za ulendo wawo wa ku Kulamba ku Mkaika kwa Gawa Undi kumapeto a mwezi uno, akuti ndiwathandize ya thiransipoti, apo ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Usiku ng'oma zinalira chakumanda uko, kuli chiliza cha munthu wina mawa. Ndinagona ndikumvetsera, kenako ndinapemphera monga ndimachitira masiku onse, ndinatchulamo agogo aakazi ndi agogo aamuna onse awiri.

Lamulungu, pobwerera

Tapemphera pa tchalitchi chaching'ono cha m'mudzi, mlaliki anali mkulu wa mpingo poti abusa amabwera mwa apo ndi apo. Amayi aang'ono pobwerera anandinong'oneza kuti za Disembalazo usakauze anthu kutauni, angakuimike pa mgonero. Ndaganiza njira yonse kuchokera pa Mtakataka mpaka pa Salima ndipo ndaona kuti zobisa ayi. Ana a akulu a mpingo aja ankapita kutsimba usiku mozemba, ine ndikapita masana ndipo abusa adziwe. Ndawatumizira uthenga kupempha kuti ndikawaone Lachitatu ndikaweruka, ayankha kuti bwerani ndi bambo akunyumba, nde bambo a ku Rumphi aja mpira wa Lachitatu auiwale. Akakandiimika ndikakhala kumbuyo miyezi yakeyo, koma ndikufuna andiuze ndime yeniyeni yomwe ndalakwira.

Pano tili pa Salima kudikira minibasi ya ku Lilongwe idzaze, kondakitala akulimbana nane kuti thumba la ufa lomwe andipatsa amayi aang'ono lilipire mpando wake. Mbatatesi za mwana zija ndinagula pa Dedza Lachitatu, zayenda nane ulendo wonsewu ndipo zina zayamba kumera.